Bulangete Logula mu Julayi

Kulongedza masutikesi ndi ntchito yanga, monga zilili ntchito zonse za m'nyumba muno zimene zilibe mwini. Ndimagwira ntchito ku Al Furjan, kwa madamu ena ndi amuna awo, ndipo iyi ndi nyumba yachitatu chibwerereni ku Dubai. Ana awo anakula kale, ali kusukulu kunja. Amene ndimalera ine ndi bambo awo a madamu, nkhalamba ya chifuwa chofooka koma pakamwa polimba. Ndimawatchula kuti madala. Ndikawapatsa tiyi akuti watentha, ndikamupoza akuti ndi madzi otsukira mbale. Ndinatopa nawo kalekale, komabe ndi iwo okha m'nyumba muno amene amandifunsa ngati ndadya.

Kwawo kwa anthu amenewa ndi ku Reunion, chilumba cha pakati pa nyanja yamchere, kum'mawa kwa Madagascar. Paokha amayankhula Chifalansa. Ine ndi madala timakumana pa Chingerezi, chawo chazigamba changanso chazigamba, ndiye timamvana bwino.

Julayi wa chaka chatha anali woyamba ine ndili m'nyumba muno. Dzuwa linali litafika poti chitsulo cha pageti sungachigwire ndi dzanja. Madamu anabwera kukhitchini foni ili kukhutu.

"Yalla, fulumira, longedza za papa. Tikupita ku island Lachinayi, masabata asanu."

Sananene zambiri, inenso sindinafunse. M'nyumba za eni umaphunzira msanga kuti funso lachiwiri limakuonetsa ngati chitsiru. Nditamva zoti ndi chilumba, m'mutu mwanga munabwera mchenga, mitengo ya kokonati ndi azungu ogona padzuwa, monga zimaonekera pa zikwangwani za mumsewu. Ndinasita makabudula, malaya opepuka a manja aafupi, ndinaikamo mapatapata, chipewa cha dzuwa ndi mafuta oteteza khungu. Ndinazipinda bwinobwino moti ndinadziyamikira ndekha, poti wina wondiyamikira panalibe.

Madala analowa ndisanatseke sutikesi. Anaima pakhomo akupuma movutikira monga amachitira akakwera masitepe, kenako anayamba kufukula zovala zija ndi ndodo yawo. Kabudula woyamba anagwera pansi, wachiwiri pansi. Msana unali ukundiwawa, ndinali nditaima pa ayironi kuyambira m'mawa, ndipo mtima unandipsa.

"Madala, nanga n'chiyaninso?"

"Ukufuna ndikafere kumeneko?" anatero. "Juzi yanga ili kuti? Masokosi aubweya ali kuti?"

"Juzi ku island? Mu Julayi?"

Anandiyang'ana ngati ndawabera. Kenako anakhala pabedi, anatenga mbale ya phala imene inali patebulo, n'kuivundikira pa thireyi. Galu wamkota sakandira pachabe, ndinangotsamira khoma n'kumvetsera.

Anati chilumba chawo si mchenga ayi, ndi phiri limene linatuluka pansi pa nyanja likulavula moto. Mapiri ake ndi awiri. Lina linazima kalekale, linalo mpaka pano limati likakwiya, chiphalaphala chamoto chimatsika mpaka kudula msewu. Mphepo imachokera mbali imodzi yomweyo pafupifupi chaka chonse, kum'mawa chakumwera, itasenza madzi a m'nyanja. Ikagunda phiri ilibe kolowera, imakwera, ndipo ikamakwera imazizira n'kutula madzi onse mbali imeneyo. Ikadutsa pamwamba imatsikira mbali inayo chimanjamanja. Ankanena akuyendetsa chala pa mbale ija, phala likudontha pa thireyi yoti nditsuke ndine.

Madala anali dalaivala wa basi pa msewu wodutsa pakati pa mapiri awiriwo, ndipo nyengo ya kwawo ankaidziwa ndi makona a msewu. Anati ankanyamuka kugombe atavala malaya okha, nzimbe zili uku ndi uku. Akakwera pang'ono nzimbe zimatha, kumayamba nkhalango yonyowa, mitengo yovala ndere mpaka kunthambi, ndipo apo ankayatsa mawaipa ngakhale mvula isakugwa, chifukwa mtambo umakhala pamsewu penipeni. Pa kona ina imene ankaidziwa ankaimitsa basi n'kuvala juzi. Kumtunda kwake mitengo imafupika, kumakhala ng'ombe ndi minda ya mbatatesi, ndipo m'mawa wa Julayi udzu umayera ndi chisanu. Ukapitirira cha kuphiri la moto kulibe ngakhale tsamba, phulusa lofiira basi. Akatsikira mbali inayo ankavula juzi, ndipo cha kugombe la kumadzulo udzu umakhala wouma, mitengo yake yaminga. Zonsezo ulendo umodzi, tsiku limodzi.

"Anthu okaona malo amakagona kugombe louma," anatero. "Mudzi wanga uli m'mitambo. Zovala zako izi ndi za alendo."

Ndinawerama n'kuyamba kutola makabudula aja. Ndikanakonda akanasiyira pomwepo.

"Kwanu kulibe phiri?" anafunsa.

"Lilipo."

"Lalikulu?"

"Kwambiri."

"Nanga mu Julayi anthu a m'munsi mwake amavala chiyani?"

Ndinaleka kutola, kabudula ali m'manja.

Ine ndinabadwira m'munsi mwa phiri la Mulanje, mbali ya tiyi, kufupi ndi malire a Mozambique. Lathulo silinalavulepo moto ine ndikuona, nyanja yamchere nayo ili kutali, koma zonse zimene madala ankanena ndinakulira momwemo. Mwera ukawomba mu Juni ndi Julayi, mitambo imabwera kudzatsamira phiri ndipo chiperoni chimayamba. Si mvula yoti ungaithawe, ndi kamvula kosalekeza, masiku atatu kapena asanu, kolowa m'mafupa. Zovala siziuma pachingwe. Mchere umasungunuka m'botolo, machesi amakana kuyaka, nsapato ukaziiwala pansi pa bedi zimachita chuku. N'chifukwa chake kwathu kumabiriwira chaka chonse, tiyi, nthochi, mapeyala ndi zinanazi.

Kwawo kwa bambo anga kunali kuseri kwa phiri lomwelo, ku Phalombe. Tikapita kukacheza tinkanyamuka titanyowa, kukafika kumeneko fumbi lili koboo, minda ya nandolo ndi mapira itauma gwa. Azakhali ankatiseka kuti anthu a kutiyi tinawabera mvula. Amayi ankayankha kuti walira mvula walira matope, abwere adzagoneko sabata imodzi mu Julayi aone ngati angaifunenso.

Amayi anathyola tiyi moyo wawo wonse. Ndimawakumbukira akutuluka m'mawa kunja kuli nkhungu, dengu kumsana, thumba la feteleza atalipinda kumutu ngati chipewa. Ankabwera zala zitachita makwinya, n'kukhala pamoto osayankhula mpaka zitawongoka. Chifuwa chawo chinayambira kumeneko.

Ndipo ine, mwana wawo woyamba, kwa zaka zisanu ndi zitatu ndinali ndikuwatumizira chiyani? Chaka chilichonse ndinkapita ku Bur Dubai kukasankha nsalu zopyapyala zonyezimira, zija zoti ukaziika padzanja umaona mizere ya chikhatho. Ndinatumiza masandasi a mikanda, mafuta onunkhira, mipango yopepuka ngati ulusi wa kangaude. Chaka china ndinatumiza fani yotchaja, ndipo ndinanyadira kwambiri. Kumudzi ndinapitako kawiri kokha, maulendo onse pa Khirisimasi, kukutentha. Kuno kuzizira kuli ndi batani. Kukakukwana umadzuka n'kuzimitsa makina, basi. Ndinaiwala kuti kuli kuzizira kwina kopanda pozimitsira. Amayi akamatsokomola pafoni ndinkafunsa, iwo n'kuti ndi kachimfine chabe, ine n'kupitiriza kuwauza za kutentha kwa kuno.

Juzi ya madala ndinaipeza m'katoni pamwamba pa kabati. Inali yabuluu, yolemera, yotha m'zigongono, ija yomwe ankavala pa kona. Ndinailongedza pamodzi ndi masokosi ndi jekete. Lachinayi ananyamuka, ine anandisiya ndi maluwa oti ndizithirira ndi mphaka woti ndizidyetsa.

Tsiku lomwelo masana ndinaimbira mng'ono wanga, amene amakhala ndi amayi. Mwanayu pakamwa pake sipanakhalepo zipi chibadwire.

"Iwe, kumeneko kukuzizira?"

Anaseka kuseka kosakoma.

"Achemwali, mwakumbukira lero? Chiperoni chili tsiku lachinayi. Dzuwa tinalionako Lamlungu."

"Amayi akufunda chiyani?"

"Lomwe lija anasiya ababa."

Bulangete limenelo ndinalisiya litatha kale pamene ndinkabwera kuno. Linali loti ukaliyanika umaona munthu wodutsa kuseri kwake. Mng'ono wanga anati amaonjezera zitenje ziwiri ndi masaka pamwamba, ndipo chaka chimenecho anali atapita nawo kuchipatala kawiri, ulendo wachiwiri anawagoneka masiku atatu. Adokotala anati chifuwacho sichikufuna chinyezi ndi kuzizira, ngati kuti munthu angasamutse phiri.

"Bwanji sunandiuze?"

"Anandiletsa. Inuyo simuwadziwa amayi anu?"

"Nanga nsalu zonse zija?"

"Zili m'sutikesi, zina zachita chuku. Fani yanu ana amaseweretsa."

Ndinamuuza kuti ndimutumizira ndalama tsiku lomwelo, apite kumsika akagule bulangete. Anati zimenezo anayesapo. Ndalama ikafika m'nyumba ija amayi amaisandutsa feteleza, ndipo juzi ya pakaunjika imene anawagulira mobisa anaipereka kwa mdzukulu tsiku lachiwiri.

"Chinthu chokha chimene sapereka kwa munthu ndi chochokera kwa inu," anatero. "Ndiye mwina mukanatumiza chanzeru."

Anandilasa. Ndinakhala pansi m'khitchini ya eni, mphaka akundizungulira, ndipo ndinalira. Ndinali ndi manyazi kuposa chisoni. Zinatengera nkhalamba ya dziko lina ndi mbale ya phala kuti ndikumbuke kwathu.

Lamlungu ndinakwera sitima ya Metro kupita ku Bur Dubai. Potuluka pasiteshoni mpweya unandimenya kumaso ngati ndatsegula uvuni. Ndinapita kusitolo yomwe ndinkagulako nsalu, kwa mmwenye wina amene amanditcha sister, ine n'kumamutcha bhai, ndiye kuti achimwene. Atangondiona anayamba kutambasula zonyezimira zatsopano.

"Lero ayi, bhai. Ndikufuna bulangete."

Mabulangete anali pomwe amakhala nthawi zonse, pamwamba pa mashelefu mpaka kudenga, lililonse m'chikwama chake cha pulasitiki. Zaka zonsezi ndinkawaona, ndipo ndinkadzifunsa kuti chitsiru chogula bulangete ku Dubai ndi ndani. Mmwenye uja anati amayenda malonda kuposa nsalu. Amagula ndi anthu a kumapiri a ku Nepal ndi Pakistan akamapita kwawo. Iwowo sanaiwale.

Ndinasankha lolemera kuposa onse, lofiirira, la maluwa akuluakulu osakongola nkomwe. Ndinagulanso majuzi awiri ndi masokosi. Ndinayenda nalo m'timisewu tija thukuta lili kamukamu, chogwirira cha pulasitiki chikundidula zala, anthu akundipatukira ngati ndasenza mbuzi.

Katundu wopita kumudzi amatitolerera ndi bambo ena a ku Mangochi, Asilamu, amene masiku ena amayendetsa galimoto ya kampani. Analiika pasikelo n'kupukusa mutu.

"Chemwali, kontena yapita sabata yatha. Iyi inyamuka ikadzadza. Mwezi wa ten lifika, inshallah."

"Mwezi wa ten kukhala kukutentha, achimwene. Ndikulifuna panopa."

"Ndiye mupeze munthu wa pandege."

Ndinafunsa pa gulu lathu la azimayi a kutchalitchi. Amene ankapita mwezi umenewo anali awiri, ndipo onse makilo awo anali atadzaza ndi za abale awo. Sindinawadandaule, inenso ndikanakana. Bulangete linalowa m'katoni, bambo aja analemba dzina la amayi ndi inki yakuda, ine ndinabwerera ku Al Furjan chimanjamanja.

Masabata amenewo anali aatali. Ndinkathirira maluwa, kudyetsa mphaka, kupukuta fumbi m'zipinda zopanda anthu, ndipo m'mawa uliwonse ndinkafunsa mng'ono wanga funso limodzi lomwelo, ngati dzuwa latuluka. Anatopa nane mpaka anayamba kungonditumizira chithunzi cha phiri. Masiku ena linkaoneka lonse, miyala yake ili mbee. Masiku ambiri pachithunzipo pankangokhala nthochi za kuseri kwa nyumba ndi kuyera kwa nkhungu. Amayi ndikawaimbira sindinkatchula za bulangete, ndinkangomvetsera mmene akupumira pakati pa mawu.

Madala anabwerako kumapeto kwa Ogasiti atanenepa masaya, juzi ija ili m'manja. Asanakhale n'komwe pansi anadandaula kuti m'nyumba mukununkha mphaka. Kenako anandifunsa ngati ndinawatumizira amayi chofunda, poti ndinali nditawauzako za chifuwa cha amayi ndi kuzizira kwa kwathu tsiku lonyamuka lija. Ndinati chili panyanja.

"Panyanja," anabwereza. "Chaka chino mphepo inali yoipa. Masiku khumi sitinalione dzuwa." Anatsegula mapu pa foni ya madamu n'kundionetsa kadontho ka chilumba chawo, kenako anakoka chala kudutsa Madagascar mpaka ku Mozambique. "Ikachoka kwathu imalowera kwanu. Ndi mphepo imodzi yomweyo."

Mwina ankati akunditonthoza. Ine ndinangopita kukawaikira madzi a tiyi.

Bulangete linafika sabata yachitatu ya Okutobala, nthawi imene kwathu ngakhale nkhuku zimayenda zitayasama. Amayi anali atapulumuka nyengo yozizira ija, koma mng'ono wanga anati anaonda moti chitenje chimawazungulira kawiri. Anandiimbira okha masana, ine ndikusita malaya a abwana.

"Katundu wako wafika," anatero. Mawu awo anali aang'ono. "Ukufuna undiphike? Kunja kuno mwala ungakazinge chimanga."

"Ndi la Juni, amayi."

"Lolemera ngati thumba la simenti. Unawononga ndalama."

Ndinazimitsa ayironi. Ndinali nditakonza mawu ambiri m'miyezi itatu ija, koma anatuluka ochepa.

"Amayi, zaka zonsezi ine ndikukutumizirani nsalu za ukwati, inu mukugona m'masaka. Bwanji osandiuza?"

Anatsokomola nthawi yaitali. Ndinadikira.

"Nsalu zako zija ndinkaziyang'ana," anatero. "Ndinkati mwana uyu waiwala chiperoni. Ndiye ndinkati zili bwino. Ine ndazizidwa moyo wanga wonse, amayi anga chimodzimodzi. Ndinkafuna wanga mmodzi yekha aiwaleko."

Sindinawauze kuti kumene ankaganiza kuti ndikupuma ndimadzuka nthawi yomwe iwo ankadzukira kutiyi, kapena kuti mawondo anga ayamba kulira pamasitepe. Ndinangowapempha kuti alitulutse m'pulasitiki, asaliike m'sutikesi pamodzi ndi zinazo.

"Juni akafika," anatero.

"Mufike nayetu Juniyo."

"Zimenezo ukambirane ndi Mulungu, ine usandilamule."

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuwerenga miyezi ngati mayi woyembekezera. Mvula inagwa, chimanga chinacha, anakolola. Mu Epulo anadwalanso, anachira. Kuno dzuwa layambanso kuotcha geti, ndipo madamu anena kale kuti Julayi akupita ku island. Juzi yabuluu ndaichapa, ili pansi penipeni pa sutikesi. Madala aifufuza ndi ndodo kawiri kuti atsimikize, ndipo kawiri konse andiuza kuti sindidziwa kupinda.

Sabata yatha mng'ono wanga anatumiza chithunzi chopanda phiri, nthochi zokhazokha ndi nkhungu. Pansi pake panali uthenga wa mawu. Ndinaumvera ndili m'kachipinda kochapira, makina akuzungulira.

"Achemwali, chiperoni chayamba dzulo. Alitulutsa okha, sindinawauze. Lero adzuka mochedwa, tiyi wachita kuwapeza pamphasa. Ndawafunsa ngati likufunda, akuti iwo sakudziwa za kufundazo. Akuti likulemera ngati pali munthu wagona pambali pawo, ndiye usiku amalankhula nalo. Amalitchula dzina lanu."

Ndinaumvera katatu. Kenako madala anayamba kugogoda pansi ndi ndodo yawo kumtunda, ndipo ndinapukuta m'maso n'kukwera masitepe.